Chibolodi cha a Mabatani

...ayi dikirani kaye, za chibolodizo simunazimve bwino, amene anakuuzaniyo anadumpha pakati pomwe pali nkhani yeniyeni kkkk. Lekani ndiyambe poyambira. Amalume anga aja, alongo awo a mayi, amene aliyense amangowatcha a Mabatani. Dzinali silinabwere lokha ayi. Munthu uja chilichonse chokhala ndi batani amafuna achidine basi, akuti ali mwana anapha wailesi ya kunyumba chifukwa chofuna kuona kuti kabatani kakumbuyo kamatani. Pano ndi bambo wa ana awiri, ndevu pepeya, koma mukalowa nawo mu lifiti muwagwire dzanja.

Ntchito yawo n'kujambula nyimbo. Situdiyo yawo ndi kachipinda kakuseri kwa nyumba, komwe kale ankasungiramo makasu ndi njinga yakufa. Makoma onse anamata mathireyi a mazira kuti mawu asamabwerere, pachitseko anakhomapo bulangete, ndipo pojambula fani amazimitsa chifukwa phokoso lake limalowa mu maiki, ndiye kutentha kwake mumatulukamo ngati buledi. Koma ntchito imatuluka yabwino, izo sindinganame. Makwaya, anyamata a rapu, anthu ofuna kanyimbo kotsatsira malonda, onse amabwera komweko.

Kwa inu amene simudziwa, nyimbo masiku ano zimajambulidwa mu kompyuta, muli pulogalamu yake. Ndiye pali bolodi yomwe amaika patebulo, ya mabatani ndi mafeda, timafeda ndi tija totsetsereka tokwezera ndi kutsitsira mawu. Bolodiyo payokha siimba, sijambula, ntchito yake n'kulamula pulogalamu basi, ngati rimoti ndi TV. A Mabatani anali ndi kabolodi kawo kakang'ono, kotuwa, kokalamba, moti batani lina litathothoka anaikapo kachivindikiro ka mankhwala otsukira mano kkkk. Koma kankamvana ndi pulogalamu yawo ngati anthu okwatirana kalekale, aja oti wina angotsokomola mnzake wabweretsa kale madzi.

Tsono pali apongozi awo, bambo awo a anti, akazi awo a amalumewo. Mdala ameneyo anali dalaivala wa mabasi mpaka anapuma, munthu wa mawu ochepa, wovala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Sanawanyozepo akamwini awo, koma sanawayamikireponso. Akakumana ankangofunsa kuti, “Akamwini, zoseweretsa zanu zija zikuyenda?” ndiye a Mabatani ankayankha mwaulemu kuti zikuyenda bambo, koma mumtima mukuwawa ngati aponda minga.

Ndiye mdala uja anapezeka ndi chotupa pammero. Madokotala anati moyo sakuuopera kwambiri, achotsa, koma mawu okha mwina sadzabwereranso momwe analili. Mdala anangogwedeza mutu, n'kupita kunyumba. Kenako anaitanira anti pambali. Akuti ali ndi nyimbo yomwe anapekera akazi awo ali mnyamata, amawaimbira ali awiri okha ndi gitala, ngakhale ana awo sanaimvepo yonse. Akufuna aijambule mawu akadalipo, koma amayiwo asadziwe. Ndipo mpata unalipo umodzi wokha, masana a tsiku loti mawa lake akukagonekedwa kuchipatala, chifukwa masiku ena onse amayi ankawalondera ngati nkhuku ndi anapiye.

Anti atafika nayo nkhaniyi kunyumba, a Mabatani anayamba amva chisoni, zoona, misozi inalengeza. Koma chisoni chija chitangodutsa pang'ono chifuwa chinayamba kufufuma. Apongozi abwera mu situdiyo! Munthu amene zaka zonsezi sanapondemo phazi. Analowa m'kachipinda kaja, anayang'ana mathireyi a mazira, anayang'ana kabolodi kawo ka chivindikiro cha mankhwala a mano, ndipo kwa nthawi yoyamba kanawachititsa manyazi. Anaona kale mdala ataima pakhomo ndi jekete yake akunena mumtima kuti ndinanena ine, zoseweretsa.

Kumsika kuli shopu ya zamagetsi zakale, mwini wake amamutcha Zilipo, chifukwa chilichonse mungafunse amati zilipo, ngakhale mapiko a ndege. M'shopumo munali chibolodi chomwe chinachokera ku situdiyo ina yomwe inatsekedwa. Inu, chinthu chachitali ngati chitseko chogoneka, mabatani osawerengeka, timagetsi paliponse, ndipo mafeda ake ali ndi timainjini m'kati, amayenda okha. A Mabatani anakhala akuchidutsa kwa nthawi yaitali akumeza malovu. Tsiku limenelo sanadutse. Anagwirizana zosinthana, iwo apereke kabolodi kawo, masipika akale ndi kiyibodi ina yomwe inkangokhala, atenge chibolodi.

Zilipo ngakhale amakonda malonda si wakuba ayi. Akuthandiza kuchikweza pa wilibala anafunsa, “Koma bwana, inu mumagwiritsa pulogalamu yanji? Chifukwa amene anachibweretsa anati chinapangidwira pulogalamu ina yake. Bwanji mufunse kaye odziwa?”

“Waya wake akulowa pa kompyuta?”

“Akulowa.”

“Ndiye ukufuna ndifunsenso chani? Ine ndinayamba zimenezi iwe ukuyamwa.”

Zilipo anangokweza mapewa, kabolodi kaja n'kukaika pashelefu, ndipo tsiku lisanathe mnyamata wina wa kwaya anali atakatenga kale.

Odziwa amene Zilipo ankanenawo analipo, ndipo si wakutali. A Mabatani ali ndi mnzawo wa kuyambira ku pulayimale, amamutcha Dazi, mutu wake umawala ngati sefuliya yatsopano. Nayenso ali ndi situdiyo yake mbali ina ya tauni, ndipo za mabolodi ndi mapulogalamu amazitsata kwambiri. Vuto lake Dazi ndi pakamwa. Ukalakwitsa kamodzi pamaso pake adzakuseka mpaka pa maliro ako. Ndiye a Mabatani anati ayi, Dazi amva zonse zikatha, ndidzamuitana adzaone chibolodi nsagwada zimugwe.

Anti ataona wilibala ikulowa pageti itafunditsidwa katani anaganiza kuti abweretsa bokosi la maliro kkkk. Atamva zonse anafunsa funso limodzi lokha, ngati a Dazi achiona. A Mabatani anati Dazi si bambo awo. Anti anawakumbutsa za rimoti ya kwa aneba yomwe anabwereka tsiku lina yawo itasowa, anadina mpaka chala kutupa TV ili duu. A Mabatani anati TV ndi TV, nyimbo ndi nyimbo, akazi inu musasakanize zinthu. Anti anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Bambo a ana, awa ndi mawu a bambo anga. Si kanyimbo ka malonda.” Anayankha kuti akudziwa, n'chifukwa chake agula zinthu zenizeni. Ndipo ankakhulupiriradi zimenezo, ndi mtima wonse, ndicho chimandimvetsa chisoni pa amalume anga.

Atalumikiza waya n'kuyatsa, eee, timagetsi tobiriwira, tachikasu, tofiira tinathamanga kuchoka uku kukafika uko, mafeda onse anakwera okha mpaka pamwamba n'kutsikanso okha, trrrr, ngati asilikali pa perete. A Mabatani anagwira pamtima, akuti chandilonjera. Chonsecho chimatero nthawi zonse chikangoyatsidwa, ngakhale osachilumikiza kulikonse, chimakhala chikudziongola chabe ngati munthu wodzuka kutulo. Pa sikirini panatuluka kabokosi ka mawu ambirimbiri, iwo osawerenga n'komwe, anangokatseka ngati akuingitsa ntchentche.

Tsono chibolodi chija chinadya tebulo lonse. Laputopu inasowa pokhala, ndiye anaiika pa katoni pakona, kumbuyo kwa mpando wawo. Anati zili bwinonso, maprodusa akuluakulu sayang'ana pa sikirini, amagwira ntchito ndi makutu ndi zala. Gwirani pamenepo, laputopu kumbuyo.

Anayesa batani loseweretsa nyimbo, linagwira. Loimitsa, linagwiranso. Zinangochitika mwamwayi, monga anthu awiri a zilankhulo zosiyana amatha kumvanako pa moni koma nkhani ikayamba aliyense ali kwake. Akakweza feda yoyamba kumakwera ng'oma m'malo mwa mawu, yachiwiri sichita kanthu, ina akaikweza imabwerera pansi yokha ngati mwana wokana kusamba. A Mabatani anati chikuzolowera, mlendo sadziwa kolowera tsiku loyamba. Foni inali m'thumba, nambala ya Dazi ili pamwamba penipeni. Anaitulutsa, anaiyang'ana, n'kujambula nayo chithunzi cha chibolodi, n'kuibwezera m'thumba. Kenako anadina batani lojambulira, getsi lofiira linayaka pachibolodi, anati eya, n'kulizimitsa. Osatembenuka n'komwe kuti aone ngati kompyuta yamva. Nthawi yotsalayo anaithera kupukuta mabatani ndi mswachi wakale.

Tsiku lija linafika. Mdala anatsazika kunyumba kuti akukameta, poti munthu sangakagone kuchipatala ndi tsitsi ngati tchire, ndipo gitala anali ataitumiziratu kwa anti itakulungidwa m'thumba la shuga. Anafika ndi jekete yawo, botolo la madzi ofunda m'manja. Mawu anali atayamba kale kuvuta, ankalankhula motsitsa, pang'onopang'ono, ngati mawu aliwonse akuwatola pansi.

Atalowa mu situdiyo a Mabatani anayatsa chibolodi dala mdala akuona. Perete uja anachitika, trrrr. Mdala anaima, anavula chipewa.

“Zikuyenda zokha?”

“Zimandidziwa, bambo.”

“Hmm,” anatero mdala, ndipo hmm ameneyo a Mabatani anali atamudikira chikwatirireni. Anatsala pang'ono kulira. Anti anakhala pa sitovu yakufa yomwe imagwira ntchito ya mpando, manja pachifuwa.

Anawakhazika mdala kutsogolo kwa maiki, anawaveka mahedifoni, anazimitsa fani. Mdala anadzimva yekha m'makutu akupuma, anamwetulira ngati mwana. Mawuwo ankamveka chifukwa maiki ili ndi njira yakeyake yokafika ku mahedifoni, chibolodi sichinali kuchitapo kanthu, koma a Mabatani ankayendetsa zala pamwamba pake ngati akuyendetsa ndege. Feda ina inawabwerera n'kuwaluma chala, anangoti chikudzikonza chokha.

Mdala anakonza nsambo za gitala, anamwa madzi, kenako anati, “Akamwini, ndiimba kamodzi. Mmerowu sundilola kawiri.”

“Kamodzi n'kokwanira, bambo.”

Anadina batani, getsi lofiira linayaka, anakweza chala kuti yambani.

Apa sindiseka ayi. Anti amati m'moyo mwawo sanamvepo bambo awo akuimba choncho. Nyimbo yake ndi ya mtsikana yemwe ankakwera basi m'mawa uliwonse n'kukhala mpando wakumbuyo kwa dalaivala, ndiye dalaivalayo anapotoza galasi lake kuti m'malo moona msewu wakumbuyo aziona iyeyo. Akayandikira potsikira pake ankachepetsa liwiro mpaka anthu kuyamba kutukwana kuti basi yatha mafuta kapena. Mawu a mdala anayamba monjenjemera, kenako anatseguka, anayera, ngati chotupa chija chapita kukamwa madzi. Anatseka maso. Thukuta likutsika, jekete osavula.

Nyimbo itafika pomwe imathera, mdala sanaime. Gitala inapitirira, ndipo panabwera ndime ina yomwe sinalipo kale, yongobadwa pomwepo. Ankawauza akazi awo kuti mawu akapita asadzaganize kuti nkhani zatha. Musandifunse mawu ake enieni, palibe amene akuwadziwa. Anti amangokumbuka kuti munali za chitseko, za momwe amagogodera akamabwera, ndi za kapu ya tiyi. A Mabatani amangokumbuka kuti magalasi awo anachita nthunzi osaonanso kanthu. Onse atatu ankalira, ngakhale woimba yemwe. Palibe anavutika kusunga mawuwo pamtima, poti getsi lofiira linali likuyaka, aliyense ankadziwa kuti akusungidwa.

Nsambo yomaliza italira m'chipinda munali zii. Mdala anapukuta m'maso ndi chipewa, anatsokomola nthawi yaitali, anamwa madzi. Mawu atabwera anali ngati pepala lokhwinyata.

“Ndime yomalizayo sindikudziwa komwe yachokera. Tatiyeni timve.”

A Mabatani anaimitsa, anabwezera kumbuyo, anadina batani loseweretsa n'kukhala tsonga ngati mfumu. Masipika anayamba ndi kang'oma kothamanga, tiki tiki tiki, kenako kamawu kakang'ono kopyapyala, ka a Mabatani eniake, kakuimba mosangalala kuti mphemvu tsanzikani, mphemvu tsanzikani, kwanu kwatha lero. Kanyimbo kotsatsira mankhwala a mphemvu komwe anajambula sabata yapitayo kkkkkk inu ine ndimafa pamenepa, pepani, ndikudziwa si zoseketsa koma tangoganizani anthu atatu misozi ili m'masaya akumvera mphemvu zikutsanzikidwa.

A Mabatani anadina loimitsa. Anatembenuka, kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, n'kuyang'ana laputopu pa katoni paja. Mzere womwe unayenera kukhala ndi mawu a mdala unali mbee, woyera ngati mbale yotsuka. Pulogalamu sinamve kanthu. Batani lojambulira lija linkangoyatsa getsi lake lokha pachibolodipo, uthenga womwe linkatumiza pulogalamu yawo sinkaudziwa, ndiye inangokhala phee kudikira kuti wina aiuze zochita m'chilankhulo chake.

A Mabatani anathamangira pakona paja. Anafufuza paliponse, anatsegula uku, anatsegula uko, mwina yabisala, mwina yalowa pena. Palibe. Pakamwa panayamba kutuluka bodza lokha, anati ikukonza kaye bambo, zimatenga kanthawi. Anti anangowayang'ana, maso aja oti ukanama kachiwiri usadzandiyankhulenso. Ndiye amalume anga, ndi ndevu zawo zonse, anatsika pampando n'kugwada pa simenti.

“Bambo, sizinajambulike. Chinthuchi ndachitenga posachedwa kuti inu muone kuti ndine munthu. Sichikumvana ndi kompyuta yanga. Anandiuza kuti ndifunse, sindinafunse.”

Mdala anamvera tambala wa kwa aneba akulira mpaka kumaliza. Anayang'ana chibolodi, anayang'ana akamwini awo ali chigwadire, kenako anayang'ana makoma.

“Ndiye nthawi yonseyi ndimaimbira mathireyi a mazira?”

Anti anaphulika, kuseka ndi kulira pamodzi. Mdala nayenso mapewa anayamba kugwedezeka, kuseka kukuwapweteka pammero koma osatha kuleka, akugwira pakhosi ndi dzanja limodzi lina akuwakodola akamwini kuti dzukani, dzukani, mawondo amenewo mudzawafuna. A Mabatani okha ndi amene sanaseke.

Kuseka kutatha mdala anafunsa ngati pali njira ina yojambulira popanda chimenechi. A Mabatani anati ilipo, kungodina ndi kamausi pa kompyuta pomwepo. Mdala anati ndiye chikutani pano? A Mabatani anazula waya, timagetsi tonse tinafa, ndipo iwo ndi anti anachinyamula ngati akutulutsa wodwala n'kukachitsamiritsa pakhoma panja. Tebulo linaoneka lalikulu ngati bwalo la mpira, pakati pake kalaputopu kokha ndi kamausi. Anti anawanong'oneza bambo awo kuti mwina asiye, adokotala anati asaukakamize mmero. Mdala anati mawa akaudula ndiye aziusungira ndani.

Koma ulendo uno anakana kukhala kutali. Anakokera mpando pafupi ndi sikirini kuti aone okha. A Mabatani anawasonyeza kuti mukalankhula apa pazituluka timapiri, timapiri timeneti ndiwo mawu anu. Mdala anati aaa, timapiri tinatuluka. Anati aaa kachiwiri, tinatulukanso. Anauza akamwini abweze amve, anamva aaa wawo. Apo m'pamene anatenga gitala.

Anaimba. Mawu oyera aja anali atapita, anatsalira m'mathireyi. Omwe anatsala anali okhakhala, otsika, pena ankaduka pakati n'kulumikizanso. Za mtsikana wa mpando wakumbuyo zinatuluka zonse, za galasi, za anthu otukwana. Atafika pa ndime yatsopano ija gitala inapitirira monga poyamba, mdala anatsegula pakamwa, mawu osabwera. Anayang'ana kudenga, anayang'ana anti, anti anayesa kuwanong'oneza kuti chitseko, bambo, chitseko, koma sizinagwire. Ndime ija inali itabwerera komwe inachokera. Mdala anangotseka pakamwa n'kuyamba kung'ung'udza, mmm mmm, kutsatira gitala mpaka kumapeto. A Mabatani maso ali pa timapiri, osaphethira, dzanja lili pa kamausi. Atamaliza anasunga, anasunganso pena, anatumiza ku foni ya anti, ku foni yawo, moti akanatha akanatumizanso kwa aneba.

Anafunsa ngati angayesenso kachitatu. Mdala anapukusa mutu, analoza pammero. Mawu anali atatheratu. Potuluka anaima pakhomo, anavala chipewa, anawagwira akamwini paphewa n'kufinya pang'ono. Kenako anti anathamanga nawo kokameta, chifukwa akanabwerera ndi tsitsi lomwe lija amayi akanawagwira bodza.

Amayi anaimva nyimboyo mawa lake ali pa benchi ya kuchipatala, amuna awo ali m'kati. Anti anangowaika timahedifoni m'makutu. Akuti anaimvera maso ali pachitseko chomwe madokotala analowera, itatha anati bwezanso, itathanso anati bwezanso, mpaka foni inatha moto.

Opaleshoni inayenda bwino, mdala ali moyo, akudya, akukangana ndi anthu za mpira. Koma mawu anabwerera theka. Amalankhula monong'ona, mokhakhala, ndipo kuimba ndiye ayi, kunatha. Nyimbo ija amayi amaiika m'mawa uliwonse akusesa. Ikafika pong'ung'udza paja amaima ndi tsache n'kufunsa kuti kodi apa mumafuna kunena chani, bambo? Mdala amangomwetulira n'kunong'ona kuti funsani akamwini. Ndipo a Mabatani akapita kukacheza, ikafika pamenepo amadzuka kuti akukaona ngati atseka geti.

Patapita masiku anachikwezanso chibolodi pa wilibala, ulendo wa kwa Dazi. Anali atatsimikiza kuti n'chakufa, ankangofuna umboni kuti akamuthire mawu Zilipo. Anamufotokozera Dazi zonse, za mdala, za getsi lofiira, za mphemvu, akudikira kuti aseka mpaka agwe. Dazi pa mphemvu anasekadi, anachita kutuluka panja kukapuma. Koma pa ndime yotayika ija kuseka kunatha, anangosisita mutu wake wowala uja.

Kenako anachilumikiza pa kompyuta yake, ya pulogalamu ina ija. Inu, chinthu chinadzuka ngati chafika kwawo. Timawindo tapamwamba pa mafeda tinalemba tokha mayina, apa ng'oma, apa gitala, apa mawu. Feda yoyamba inakweza choyamba, yachiwiri chachiwiri. Dazi anaseweretsa nyimbo, mafeda anayamba kuvina okha motsatira. Anadina batani lojambulira, getsi lofiira linayaka pachibolodi, ndipo pa sikirini timapiri tinayamba kutuluka nthawi yomweyo, tikujambula kupuma kwa a Mabatani.

Amalume anaima pakamwa yasa. Anafunsa ndi kamawu kakang'ono kuti ndiye ngati n'chamoyo chonchi, kwawo kuja chinalakwa n'chiyani. Dazi anatenga foni yake, anaiika patebulo pakati pawo, n'kuiloza.

“Chibolodichi chilibe mlandu, aise, ngakhale kompyuta yako ilibe mlandu. Sizinapangidwirane basi, ndipo ukanangondiimbira ndikanakuuza usanafike n'komwe pageti ndi wilibala yakoyo. Ndikanakuseka, inde, tsiku limodzi. Pano taona, ukamamva mdala akung'ung'udza uzidziseka wekha moyo wako wonse. Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula.”